Chikuku cha Magetsi cha Abambo

Abambo anga anapuma ntchito ya ulangizi wa zaulimi asanagulepo galimoto. Zaka zonse zimene anazungulira midzi ya ku Machinga, kuphunzitsa anthu kutalikana kwa mapando ndi kapangidwe ka manyowa, ankayenda pa njinga yamoto ya boma, ndipo atapuma anakaibweza ndi chisoti chake chomwe. Anabwerera ku Balaka, kunyumba imene anamanga pang'onopang'ono kuseri kwa njanji, n'kugula njinga yakapalasa yopitira ku dimba lawo ku Rivirivi. Za galimoto ankazikamba ngati mmene ena amakambira za kumwamba: n'kwabwino, tidzafikako, koma osati lero.

Chimene chinasintha zinthu ndi maondo a amayi. Anayamba ndi kuphwanya m'mawa, kenaka kutupa, mpaka ulendo wa ku tchalitchi umene ankauyenda akucheza unasanduka wopumira pansi pa mtengo uliwonse. Tinawauza kuti azikwera kabaza. Anakwera kangapo, koma Lamulungu lina njinga inalowa mumchenga pafupi ndi msika, amayi n'kugwera uko, buku la nyimbo uko, duku uko. Sanavulale. Chimene chinavulala ndi ulemu wawo, chifukwa anthu onse a Misa yoyamba anali akudutsa pomwepo. Kuyambira tsiku limenelo anati kabaza iyayi, ndipo amayi akati iyayi, ngakhale bambo mfumu amangosintha nkhani.

Abambo ali ndi mnzawo wa kalekale, Msilamu wa ku Ntaja, amene ali ndi kasitolo ka mababu, mapanelo a sola ndi mabatire pa msika wa Balaka. Ife tinakula tikuwatchula kuti ankolo. Awiriwa amatsutsana pa chilichonse, kuyambira za mvula mpaka za mpira, koma tsiku silitha asanaonane. Ankolowo ndi amene anabweretsa nkhaniyi.

"Achimwene," anatero kwa abambo, "ku Liwonde kuli loji ina m'mbali mwa Shire ikugulitsa katundu wakale. Pali kagalimoto kosamwa petulo. Kamangodya magetsi ngati wailesi."

Ine ndimaphunzitsa pa sukulu ina ya pulayimale konkuno, ndipo nyumba yanga siili kutali ndi ya makolo. Loweruka lotsatira abambo anandiuza kuti ndiwaperekeze. Anati akufuna munthu wa maso abwino. Ndikuganiza kuti ankafuna mboni yoti idzagawane nawo mlandu kwa amayi.

Tinakapeza kuseri kwa khitchini ya lojiyo, katakutidwa ndi masamba. Kale kanali koyera, tsopano kanali ndi mtundu wa ufa wa mgaiwa. Kanali ndi denga lapulasitiki, mpando wa kutsogolo ndi wina woyang'ana kumbuyo, kopanda zitseko, matayala ake aafupi ndi onenepa. Mayi wina wachitsikana amene ankayang'anira malowo anatifotokozera kuti kunja timagalimoto totere timanyamula anthu osewera gofu, koma iwo ankanyamulira zikwama za alendo. Anali munthu wosabisa mawu.

"Bambo, ndisakunamizeni," anatero. "Mabatire ake ndi otopa."

"Nanenso ndine wotopa," anayankha abambo, "koma ndikuyenda."

Anakhala pampando, n'kupotokola kiyi. Kunali zii. Anapotokolanso, n'kutchera khutu.

"Sikakulira," anatero.

"Kalira kale, bambo. Ingopondani."

Anaponda ndi mphamvu ngati akuliza njinga yamoto ija, kagalimoto n'kudumpha kukalowa mumpanda wa maluwa. Anatuluka ali ndi tsamba m'tsitsi, nkhope ili ngwee ngati mwana wopatsidwa nsapato za Khirisimasi. Pamenepo ndinadziwa kuti zokambirana zatha. Anagwirizana mtengo umene mpaka lero amayi sanaumve bwinobwino, ndipo anatipatsanso tchaja yake, chibokosi chachitsulo cholemera ngati mtondo, chokhala ndi kasingano kutsogolo.

Tinapeza lole imene inabweretsa simenti ku Liwonde ndipo inkabwerera ku Balaka yopanda kanthu. Ine ndinakwera kutsogolo ndi dalaivala. Abambo anakana. Anakwera kumbuyo, n'kukhala m'kagalimoto kawo pamwamba pa lole, manja pa chiwongolero, njira yonse. Tikakhota, nawonso ankakhotetsa.

Kunyumba amayi anatuluka atatsamira ndodo, n'kukazungulira kamodzi mosafulumira.

"Ndiye galimotoyo ili kuti?" anafunsa.

"Ndi imeneyi, mayi."

"Ichi n'chikuku."

Dzina linagwira pomwepo. Abambo anayesetsa kuti anthu azinena kuti kagalimoto ka gofu, mpaka ankafotokozera aliyense malamulo a masewera amene iwowo sanawaonepo, koma dera lonse linkangoti chikuku cha alangizi.

Anachiimika pakhonde la kuseri, pafupi ndi khitchini, chifukwa soketi yapafupi inali m'menemo. Nthambo ya tchaja inkadutsira pawindo. Tchajayo ikalumikizidwa inkati kaye tse, kenaka n'kuyamba kung'ung'udza ngati njuchi zili m'mphika.

Lamulungu loyamba linayamba bwino. Abambo anavala jekete ngakhale kunkatentha, amayi anamanga chitenje cha mpingo, ine ndinakhala kumbuyo ndikuyang'ana kumene tikuchokera. Vuto loyamba linali lakuti chikuku sichinkamveka, ndipo hutala yake inali yakufa. Anthu ankangoyenda pakati pa msewu osadziwa kuti kumbuyo kwawo kuli galimoto, mpaka abambo anayamba kufuula kuti, "Odi! Odi kutsogoloko!" ngati akulowa pakhomo pa eni. Anyamata a kabaza pa siteji anaimirira n'kutiombera m'manja. Amayi sanatembenuke. Anakhala tsonga ngati mkwatibwi, ndipo ndinaona kuti zawakomera.

Pobwerera m'pamene mtima wa abambo unakula. Anakweza amayi awiri a m'kwaya, ine n'kutsika kuti ndiziyenda pansi, ndipo m'malo molunjika kunyumba anazungulira dala ku msika kuti ankolo aone. Tikuyandikira kachitunda kokwerera ku njanji, chikuku chinayamba kuchepetsa liwiro. Ndinachipeza ndikuyenda. Ndinachipitirira. Kenaka chinati fuu, n'kuima, kachitunda kasanafike n'pakati pomwe.

Abambo anapotokola kiyi uku ndi uku, n'kutsika kukayang'ana matayala, ngakhale matayala analibe mlandu. Amayi a m'kwaya aja anatsika, anzawo ena amene ankabwera m'mbuyo n'kuwonjezerekera, onse n'kugwira chikuku. Wina anayambitsa nyimbo, ndipo anachikankha akuimba m'mawu anayi mpaka pachipata chathu. Amayi anga sanatsike, maso anali kutsogolo ngati anthu onsewo sakuwadziwa. Titalowa m'nyumba anavula duku, n'kulipinda bwinobwino.

"Wa kabaza uja anandigwetsa, koma anapepesa," anatero. "Ichi chilibe n'manyazi omwe."

Mawa lake nditaweruka ku sukulu ndinapeza ankolo afika kale ndi kathumba ka zipangizo. Ananyamula mpando wa kutsogolo, pansi pake n'kuonekera mabatire sikisi, aakuluakulu, olumikizana ndi mawaya okhuthala kuchoka pa lina kupita pa linzake. Pamitu yake panali chiufa choyera chosakanikirana ndi chobiriwira, ngati nkhungu ya pa chigumu chogonera.

"Mphamvu ingadutse bwanji apa?" anatero ankolo. "Alamu! Tigawireniko soda wa therere."

Amayi anabweretsa sodayo m'kambale atakwinya nkhope. Ankolo anamusungunula m'madzi otentha, n'kuthira pang'onopang'ono pamitu ija. Panatuluka thovu, pakumveka tswii.

"Ndiye chimadyanso therere?" anafunsa amayi. "Ndisinjiretu nsinjiro?"

Anamasula mawaya limodzilimodzi n'kumakwecha ndi mswachi wakale. Ankolo anali atangochenjeza kuti sipanala isakhudze mitu iwiri nthawi imodzi, abambo n'kuyankha kuti iwo anaphunzira za magetsi ku koleji ankolo akadali kuweta mbuzi ku Ntaja. Mawuwo asanathe kunamveka thwa, moto wabuluu n'kuthetheka, abambo n'kupezeka ali pafupi ndi khola la nkhuku. Sindinadziwe kuti akadali ndi liwiro lotero. Sanapse, koma sipanalayo ili ndi chipsera mpaka lero. Ankolo anaitola pansi. Anangotenga mphira wa chubu, n'kukulunga chigwiriro chonse cha sipanalayo, n'kuwabwezera ndi manja awiri.

Atamanganso mawaya anapaka pamitu mafuta odzola a amayi, amene anatuluka m'chipinda popanda chilolezo cha eni. Kenaka anatsegula timazivundikiro ta pamwamba. M'kati madzi anali atatsika, timapuleti tili pamtunda ngati miyala ya mu Rivirivi mwezi wa Okutobala. Abambo anathamanga kukatunga kapu mu ndowa.

"Iyayi, achimwene!" anakuwa ankolo. "Madzi a pa mjigo wa kuno? Amchere amenewo, oti ngakhale sopo amawakana? Mukufuna kuwapha ndithu?"

Ndinatumidwa kukagula madzi a batire komwetsera mafuta. Ankolo anati tithire ongokwanira kubisa timapuleti, otsalawo tidzawonjezere mabatire akadzaza. Koma atangochoka kupita ku mzikiti kukaswali, abambo anaona kuti kumana chinthu chaludzu n'tchimo, ndipo anadzaza lililonse mpaka m'kamwa. Pamene tchaja inayamba ntchito madziwo anasefukira. Abambo anapukuta ndi kansanza, n'kupukutira manja pa buluku. Buluku limenelo litachapidwa linatuluka ndi mabowo pantchafu ponse ngati lagwa chiswe. Linali lachiwiri kwa la ku tchalitchi.

Chikuku chinayambanso kuyenda, koma pa kachitunda kaja chinkafika chikupuma movutikira. Ankolo anabwera ndi kamita koyezera mphamvu, kokhala ndi timawaya tiwiri, kofiira ndi kakuda. Magalasi awo anali atawaiwala ku sitolo, kotero anabwereka a abambo. Koma abambo sankakhulupirira nambala imene sanaione okha, ndiye magalasi ankangoyenda kuchoka pa mphuno ina kupita pa inzake. Ine amene ndinali ndi maso abwino palibe anandifunsa. Batire lililonse linkasonyeza mavoti sikisi ndi kakanthu pamwamba.

"Mwaona?" anatero abambo. "Onse ndi athanzi."

"Batire lili ngati mkamwini," anayankha ankolo. "Akakhala pakhonde amaoneka wamphamvu. Mpatseni khasu."

Tanthauzo lake linali lakuti tiyeze mabatirewo chikuku chikugwira ntchito. Anamangirira timawaya ta kamita pa batire limodzi, n'kutitulutsira kunsi kwa mpando. Ine ndinakhala pambali pa abambo nditagwira kamitako pamiyendo, ndipo tinakwera kachitunda kaja ndikuwerenga manambala mokweza. Tinabwerera, ankolo n'kusamutsira timawaya pa batire lotsatira, tinakweranso. Anthu ogulitsa tomato pafupi ndi njanji anatipatsa moni ulendo woyamba ndi wachiwiri. Wachitatu anangotiyang'ana. Mayi wina anandifunsa chapansipansi ngati abambo ali bwinobwino.

Mabatire ena onse ankatsika pang'ono pokwera, n'kubwerera tikafika pamwamba. Koma la pakona, kumbali ya woyendetsa, abambo atangoponda linagwa ngati thumba lobooka.

"Ndi limeneli," anatero ankolo. "Limodzi likafooka limakoka anzake onse, chifukwa amangidwa pa chingwe chimodzi."

Abambo analiikira kumbuyo ngati mwana wawo wolephera mayeso. Anati mwina linali ndi ludzu kwa nthawi yaitali, lipatsidwe mpata. Analitchaja palokha, analipukuta, anayezanso, koma silinasinthe. Atagonja anauza ankolo kuti awagulitse batire limodzi la m'sitolo mwawo. Ankolo anakana. Awo onse anali a mavoti thwelofu, a galimoto ndi a sola, ndipo sangagwirizane ndi anzake.

"Ndikugulitseni lero, mawa mudzanditukwane pa msika?" anatero. Abambo anati aka n'koyamba m'mbiri ya Balaka kuti wamalonda akane kugulitsa.

Mchimwene wanga wa ku Blantyre ndiye analipeza, atazungulira masitolo akutidandaulira pa foni. Linabwera pa minibasi litakhala pampando wakewake ngati munthu.

Tinkaganiza kuti nkhani yatha. Kwa kanthawi chikuku chinkakwera kachitunda mosadandaula, ndipo amayi anayambanso kufika ku Misa nthawi yabwino. Koma posakhalitsa chinayambanso kufooka, masiku ena kwambiri, masiku ena pang'ono, popanda dongosolo. Apa abambo ndi ankolo anatembenukira kwa tchaja.

Poyamba ananena kuti ndi kuzimazima kwa magetsi. Abambo anasiya kutchaja madzulo, n'kumalumikiza m'mawa popita ku dimba, chifukwa masiku amenewo magetsi ankakhalapo masana. Sizinathandize. Kenaka anagwira nthambo yowonjezera imene inkadutsa pawindo, n'kuipeza yotentha ngati mbatata yootcha. Inali yopyapyala, yoyenera wailesi. Anagula yokhuthala. Sizinathandize. Anatsegula tchajayo n'kupezamo nyumba ya dothi ya mavu, ndipo anasangalala ngati agwira wakuba. Anaichotsa, n'kupemerera fumbi lonse. Sizinathandizebe. Chodabwitsa chinali chakuti abambo akabwera ku dimba madzulo ankapeza tchaja ikung'ung'udza, kasingano kali m'mwamba ngati yangoyamba kumene, chonsecho yakhala tsiku lonse.

Nthawi imeneyo kunagwa maliro kwa abale a abambo ku Phalula, ndipo makolo anakakhalitsa kumeneko mpaka kumeta. Chikuku chinatsala chili chofooka kale, kiyi ali wotsegula. Atabwerera, abambo analumikiza tchaja. Panalibe tse, panalibe kung'ung'udza. Anaiwomba kambama kumbali. Zii.

"Yafa," anandiuza pa foni, ndi mawu a munthu wochokera ku maliro amene wapeza ena.

Ankolo anabwera, n'kuyeza, n'kupukusa mutu. Tchaja inali yamoyo. Anati tchaja za mtundu umenewu zimayamba zamva kaye kuti m'mabatire mukadali kamphamvu. Zikapanda kumva kanthu sizidzuka n'komwe. Mabatire anali atatsika kwambiri moti tchaja inkangowaona ngati miyala. Njira yake inali yowamasula onse, kupita nawo ku sitolo, n'kukawadzutsa awiriawiri pa tchaja wamba ya ankolo.

Amene anawanyamula ndi anyamata a kabaza. Sindinaonepo anthu akugwira ntchito mokondwa chotero. Batire lililonse analimangirira pa keliyala ndi malamba a mphira, n'kuyenda mondondozana akuliza mabelu.

"Madala," anatero mmodzi kwa abambo, "mawa tibwere tidzanyamule matayala?"

Mabatire atabwerera n'kumangidwanso, tchaja inati tse ngati sipanachitike kanthu. Tsiku limenelo tinakhala pakhonde la kuseri tikumwa tiyi, ine, abambo ndi ankolo, amayi ali m'khitchini akusankha nyemba pafupi ndi windo. Ankolo ankaganizabe.

"Chikundivuta ndi ichi, achimwene. Mabatire amenewa akuoneka ngati sanakhutepo chibwerereni. Mumatchaja nthawi yaitali bwanji?"

"Tsiku lonse," anatero abambo. "Kuyambira popita ku dimba mpaka pobwera. Akuti ikamaliza imazima yokha, koma ine sindinaionepo itazima."

"Sizima yokha," anatero amayi pawindo, osakweza n'mutu womwe. "Ndimaphula ndine."

Abambo anaika kapu pansi.

"Mumatani, mayi?"

"Ndimaphula. Dzuwa likamafika apa mabatire anuwo amayamba kuwira. Mumawamva inu? Muli ku dimba. Amachita bwatabwata ngati nyemba, fungo lake ngati dzira lovunda. Chinthu chikawira amaphula. Ndiye ndimazula pa soketi."

"Nanga ine ndimapeza ili yolumikiza bwanji?"

"Ndikamva belu la njinga yanu ndimabwezera. Ndinkadziwa kuti muyamba zolankhulalankhula."

Ankolo anayesa kumeza tiyi, koma anawatsamwa. Anaseka mpaka kuvula kofia n'kumapukutira misozi. Abambo anayang'ana nthambo yatsopano, anayang'ana tchaja, anayang'ananso ine ngati ndinali m'chiwembucho. Anayamba kuwerengera pa zala zinthu zonse zimene anazinamizira, kuphatikizapo mavu osalakwa amene anawagwetsera nyumba.

"Bwanji osanena?" anafunsa.

"Munandifunsa? Munafunsa kamita, munafunsa alamu, munafunsa mwana wa ku Blantyre. Ine ndimangobwerekedwa soda."

Ankolo atapezanso mpweya anafotokoza kuti kuwirako si kupsa. Mabatire a madzi amatero akamayandikira kudzaza, ndipo nthawi imeneyo ndi yofunika kwambiri. Kuwazula pamenepo kuli ngati kuphula mpunga madzi asanaphwe.

"Ine mphika wodziphula wokha sindinauone," anatero amayi. "Ndipo fungo limenelo pafupi ndi mbaula yanga sindilifuna."

Apa ankolo anasiya kuseka. Anayang'ana mbaula imene inali pakhonde pomwepo, mkono umodzi kuchoka pa chikuku, makala akadali ofiira.

"Mumaphikira apa chikutchaja, alamu?"

"Nanga ndikaphikire kuti?"

Ankolo anatembenukira kwa abambo. Anati mpweya umene umatuluka mabatire akamawira sugwirizana ndi moto, ndipo ukakumana nawo batire limatha kuphulika. Anati pa mfundo imeneyo alamu awo anachita bwino kuposa amuna awiri amene anaimika chikuku pafupi ndi mbaula osaganiza. Amayi anapitiriza kusankha nyemba, koma ndinaona kuti manja awo akuyenda monyadira.

Mpaka lero aliyense amati anapambana ndi iye. Abambo amati zinatsimikizika kuti tchaja inalibe vuto, amayi amati anapulumutsa nyumba. Chimene chinachitika n'chakuti abambo anamanga kachisakasa ka malata pansi pa mtengo wa mango, kopita mphepo mbali zonse, n'kuitana munthu wa zamagetsi kudzaikako soketi yakeyake. Amayi anavomera kusazula, koma anati ayambe aona ndi maso awo. Tsiku loyamba anatenga mkeka ndi zoluka zawo, n'kukhala chapatali kuyang'anira. Mabatire anawira, amayi anaimirira kawiri konse n'kukhalanso pansi. Kasingano kanatsika pang'onopang'ono. Chakumadzulo tchaja inati tse, n'kukhala chete yokha.

Amayi anapinda mkeka. "Chabwino," anatero.

Kuyambira pamenepo chikuku chinasintha. Chinkakwera kachitunda ka njanji chitanyamula anthu anayi osachepetsa liwiro. Koma amayi atangodziwa kuti sichiphulika, anayamba kuchiona ndi diso lina. Misonkhano ya amayi a mpingo imachitika m'kati mwa sabata, nthawi imene abambo amakhala ku dimba. Tsiku lina anandiitana n'kundiuza kuti ndiwasonyeze popondera. Panalibe zambiri zoti ndiwaphunzitse, chifukwa palibe magiya: chopondera choyendera, chopondera choimira, ndi kachitsulo kosankhira kutsogolo kapena kumbuyo. Anazungulira mtengo wa mango kangapo, anagunda ndowa imodzi, n'kunena kuti akwanitsa.

Amayendetsa mwaulemu, liwiro la munthu woyenda mofulumira, ndipo sapatukira aliyense. Ngolo, njinga ndi mbuzi zimapatuka zokha. Amangirira belu la njinga pa chiwongolero. Amanyamula odwala kupita nawo ku chipatala, amanyamula mapoto a pa maliro, ndipo anyamata a kabaza tsopano amawapatsa moni ngati mnzawo wa pantchito. Madzi a batire amasunga iwo, m'kabati ya mbale zosagwiritsidwa ntchito, ndipo amathira ndi kapu ya tiyi yothyoka chigwiriro, mlingo wake osapitirira. Abambo akafuna chikuku amayamba afunsa ngati chilibe ulendo.

Masiku apitawa ndinawapeza atatu onse pansi pa mango akukangana. Amayi anali atalengeza kuti akufuna kukaona mng'ono wawo ku Ulongwe, ndipo apita pa chikuku. Abambo anati sichingafike ngakhale theka la njira, komanso msewu waukulu si wa zikuku. Ankolo, kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo, anagwirizana ndi abambo, ndipo anajambula msewu wonse pa dothi ndi kamtengo, kusonyeza pamene mabatire adzathere.

Amayi anawerama n'kuyang'ana pamene kamtengo kanaloza.

"Pamenepo pali mwana wa achemwali anga," anatero. "Ali ndi magetsi."

Ankolo anasuntha kamtengo kutsogolo. "Nanga apa, alamu?"

"Apo pali amene ndinawaimira pa ukwati."

Ulendowo sunachitikebe. Abambo akuti adzawalipirira minibasi, mpando wa kutsogolo. Koma sabata yatha ndinawapeza amayi ali pa makina akusokera tchaja thumba la chitenje, lokhala ndi zogwirira ziwiri.